Bokosi Lolira Iye Akachoka

Bambo anga akakwiya amayamba ndi kupukuta magalasi. Tsiku limenelo anawapukuta kawiri, kenaka n'kuloza bokosi lofungatira mazira lomwe linali pakona m'chipinda chawo chokonzeramo mawailesi.

"Tandiuza, mnyamata iwe. Chinthu chakochi chimalira chifukwa chiyani ukangotuluka pageti?"

Phee anangoima, manja kumbuyo. Dzina limeneli anam'patsa ndi anzathu kusukulu ya zamagetsi, komwe ine ndi iye tinadziwanirana, chifukwa munthuyu amatha kukhala nawe ola lathunthu osatulutsa liwu, iwe n'kuchoka ukumva ngati mwacheza. Ine ndinamukonda choncho. Bambo ndiwo sanamufune. Iwo akonza mawailesi zaka makumi atatu, ndipo kwa iwo mmisiri ndi uja amanunkhiza bolodi la m'kati mwa wailesi n'kudziwa chomwe chapsa. Awa opanga zinthu atakhala pakompyuta amawatcha alembi.

Nditawauza za Phee, anandiyankha mwachidule. "Amayi ako akhala akulirira bokosi loswetsa mazira. Mlembi wakoyo apange. Anapiye akatuluka, abwere tidzakhale pansi. Akapanda kutuluka, geti langa aliiwale."

Phee anapangadi. Kunja kwa bokosi anaikako kabolodi koyatsa ndi kuzimitsa chotenthetsera. M'kati anaikamo sensa yoyeza kutentha, kanthu kochepa ngati njere ya mpunga. Pakati pa ziwirizi panali chingwe cha mawaya anayi: wofiira ndi wakuda a magetsi, wachikasu ndi wobiriwira olankhulirana. Chingwecho anapereka ndi bambo, atachitulutsa m'kabati mwawo monyadira. "Waya wa masiku ano ndi udzu," anatero. "Tenga uyu, ndi wakale."

Amayi anaikamo mazira makumi asanu ndi limodzi. Sabata yoyamba zonse zinayenda bwino. Yachiwiri, bokosi linayamba kulira. Sensa ikasiya kuyankha, kabolodi kankazimitsa chotenthetsera kuti mazira asapse, n'kumangoti piii mpaka munthu abwere. Phee ankafika akaweruka kuntchito atanyamula sikopu yake, makina okhala ndi galasi loonetsa momwe magetsi akuyendera m'waya. Ankapanitsa pawaya ting'ona tiwiri ta sikopuyo, tizitsulo toluma ngati kamwa la ng'ona, kamodzi kunja, kena m'kati mwa bokosi, n'kukhala maola awiri akudikira vuto. Vuto osabwera. Akachotsa ting'ona take n'kutsanzika, pasanathe ola, piii.

"Masiku asanu ndi limodzi ndakhala ndikuona," bambo anapitiriza kumuuza Phee tsiku lija. "Ukakhalapo, lili phee ngati mwini wake. Ukachoka, maliro. Ine si mwana. Waliuza dala bokosili kuti lizikuitana, uzidzamwa tiyi wa mwana wanga."

"Bambo, sindingachite zimenezo."

"Nanga vuto n'chiyani?"

Ndinapemphera kuti aname, atchule chilichonse. Koma Phee ndi Phee.

"Sindikudziwa, bambo."

"Wamva?" bambo anatembenukira kwa ine. "Munthu wosadziwa chimene wapanga yekha, banja adzalidziwa? Tenga katundu wako, mnyamata. Usapondenso pano mpaka mazira akwanitse masiku makumi awiri ndi limodzi. Tione ngati angaswe popanda mlonda wawo."

Limenelo linali tsiku la 14. Phee anakulunga mawaya ake mosamala ngati mmene amachitira nthawi zonse, n'kutuluka osandiyang'ana.

*

Masiku atatu otsatira, mlonda ndinakhala ine. Likalira, ndithamange, ndizimitse, ndidikire mphindi zisanu, ndiyatse. Amayi ankangoyendayenda pakhomo la chipindacho, manja ali pamutu.

M'mawa uliwonse foni yanga inkanjenjemera ndi uthenga wa Phee, yemwe amanditcha amisiri.

"Amisiri, mwadzuka?"

"Landidzutsa ndi bokosi lanu. Lalira kale kawiri."

"Werengani tsamba 12 la kabuku ka sensa."

Kabuku kameneko! Kanthu ngati njere ya mpunga, koma malangizo ake masamba makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi chimodzi, m'Chingerezi chomwe ndikukhulupirira kuti ngakhale eni ake salankhula kunyumba. Ndinawerenga mpaka maso kuchita tsabola. Ndinamvapo izi: waya wachikasu amagunda nthawi, wobiriwira amanyamula mawu. Kabolodi kamaitana sensa potchula nambala yake, sensa n'kuvomera, kenaka n'kunena kutentha. Papepala zinali zosavuta ngati moni wa m'mawa.

Ndinasintha nambala yoitanira. Ayi. Ndinasintha marezisita awiri, tizipangizo tochepetsa mphamvu ya magetsi, a pamawaya olankhulirana. Bokosi linakhala chete ola limodzi, ine n'kuvina ndekha m'chipindamo, kenaka piii. Ndinachepetsa liwiro lolankhulirana. Piii. Ndinayeza mawaya onse anayi ndi mita ya bambo yoyezera magetsi, chitseko cha bokosi chili chotsegula, monganso anachitira Phee kawiri konse, mita n'kunena kuti onse ali bwino.

Choipa cha mawaya olankhulirana n'chakuti sapsa, sanunkha, satulutsa utsi. Wailesi ikafa imakuonetsa bala lake. Izi zimangosiya kuyankhana, ndipo sudziwa ngati wasiya ndi woitana kapena woitanidwa. Singano ya mita siingakuthandize, chifukwa mawu a m'wayamo amadutsa singanoyo isanaganize n'komwe zogwedezeka.

Kutopa kumalankhulitsa munthu zopusa. Madzulo a tsiku la 16, bokosi litalira kachisanu ndi chiwiri, ndinalemba:

"Ndiuzeni zoona, sindikwiya. Simunachite dala?"

Anawerenga nthawi yomweyo. Ndinadikira. Ndinatsuka mbale, ndinabwerera, palibe. Ndinasita malaya a bambo, ndinabwerera, palibe. Patapita maola atatu panabwera liwu limodzi.

"Nanunso?"

Manyazi anandigwira mpaka kuphazi. Ndinalemba yankho kanayi, kanayi konse n'kufufuta.

*

Tsiku la 17 masana, pageti panagogoda Zikhadabo. Ameneyu ndi mtsikana wa pasitolo yogulitsa zipangizo zamagetsi, komwe Phee amagula katundu wake. Ali ndi zikhadabo zazitali zofiira zomwe amatolera nazo marezisita m'timabokosi mwaluso lodabwitsa, ndipo akamam'patsa Phee katundu, zikhadabozo zimachedwa dala m'dzanja mwake. Zimenezi ndinaziona kalekale.

Anali atakolekera chikwama cha sikopu paphewa ngati chake.

"Akuti ndikupatseni," anatero akumwetulira. "Paja kuno anamuthamangitsa ngati mbava."

"Zikomo. Iye ali bwanji?"

"Eee, mukufunsa ine? Komatu mwafunsa woyenera. Dzulo sanadye, ndinachita kum'kakamiza." Anasuzumira m'mbali mwanga, kufuna kuona m'nyumba. "Ndiye nkhani yonseyi ndi ya nkhuku? Anzanga, munthu ngati uja akufunidwa m'makampani akuluakulu. Si wa khola ayi. Achemwali ake atamva zomwe anam'nena bambo anu, misozi inachita kugwa."

"Anamva kwa ndani?"

Anayang'ana zikhadabo zake. "Nkhani simayenda yokha. Musamale nawo makinawo, ndi odula."

Ndinatseka geti mwaulemu, ngakhale mkono unkafuna kulimenyetsa. M'chikwamamo munali kapepala kolembedwa ndi dzanja la Phee. Moni munalibe. Anangojambula bokosi, n'kulemba kuti: "Kang'ona kamodzi pa waya wakuda kunja, kena pa waya wakuda m'kati, pafupi ndi sensa. Mukaona mizere, werengani mpaka 9."

Amayi anandipeza ndikumasula mawaya.

"Chilichonse ukufuna kuchita m'katimo uchite lero," anatero. "Kuyambira mawa chitseko ichi sichitsegulidwanso mpaka aswe. Chinyezi chikathawa, anapiye amaumira m'zigoba. Ndakuuza."

Ndinapanitsa kang'ona ka m'kati, waya wake n'kumudutsitsa m'mphepete mwa chitseko, ndinatseka. Ndinapanitsa ka kunja. Ndinayatsa sikopu.

*

Kusukulu tinaphunzira zimenezi pabolodi la choko, ndipo ndinakhoza mayeso ake. Koma sikopu inalipo imodzi kalasi lonse, ndipo anyamata ankaiunjirira ngati mpira. Ndi maso anga ndinali ndisanaonepo.

Pagalasi panaoneka mizere iwiri. Wapamwamba unali ngati mano a chipeso, ofanana onse, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika. Wapansi unali wosalongosoka, pena kukwera nthawi yaitali, pena kutsika. Ndinaimitsa chithunzicho, n'kuyamba kuwerenga mano ndi chala. Limodzi, awiri, atatu. Pa mano asanu ndi atatu oyamba, kabolodi kankatchula nambala ya sensa. Pa dzino lachisanu ndi chinayi kanasiya waya, osamugwiranso, kudikira.

Ndipo pamenepo mzere wapansi unatsika.

Sikanali kabolodi kamene kanautsitsa. Katsikidwe kake kanali kosiyana pang'ono, kokhala ndi kakhwawa kakang'ono, ngati dzanja la munthu wina papepala lomwelo. Kanali kanthu kaja ka m'bokosi, kokhala pakati pa mazira mumdima ndi m'kutentha, kakukoka waya kuti kanene kuti kamva.

Ndinakhala pansi pasimenti. Thupi lonse linachita tsembwe. Zonsezi zinkachitika m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, kakhumi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, masabata awiri ndi theka, ife tikudya, tikukangana, tikupukuta magalasi. Wina aitane, asiye malo, wina avomere. Anthu anakhala pansi n'kuganiza zimenezi, n'kuziika m'kanthu koti ukayetsemula kasowa. Ndinazizwa mpaka misozi inalengeza, ndipo sindikuchita manyazi kunena.

Ndinajambula galasilo, n'kumutumizira.

"Ndakaona kakuyankha! Pa 9 pomwe. Phee, ndi zokongola."

Kenaka ndinawonjezera: "Pepani ndi funso lija. Linali la kutopa."

Anayankha uthenga woyamba wokha. "Musachotse. Muzionera mpaka vuto libwere."

*

Vuto silinabwere. Tsiku la 18 linadutsa bokosi lili chete. Tsiku la 19 m'mawa bambo analowa atanyamula kapu ya tiyi, anaima pakati pa chipinda, n'kutchera khutu ngati munthu amene wataya kanthu.

"Mlonda wake kulibe," anatero pang'onopang'ono, "koma silikulira."

"Chilowereni sikopu silinalireko, bambo."

Anakoka mpando. Bambo anga sikopu anangoionapo m'mabuku. Moyo wawo wonse agwira ntchito ndi mita, khutu ndi mphuno. Anayang'ana galasilo mokayika, ngati likufuna kuwagulitsa kanthu.

"Mizere imeneyi ikuti chiyani?"

Ndinawaonetsa. Ndinagwira chala chawo chokhakhala chija, chodzaza zipsera za moto wowotcherera, n'kumawerenga nacho mano. Titafika pa dzino lachisanu ndi chinayi ndinati, "Apa kabolodi kasiya waya. Taonani amene akumutsitsa."

"Ndani?"

"Kaja ka m'kati."

"Kanjere kaja?" Anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. "Kamayankha?"

"Kakhumi pa sekondi."

Tiyi anazizira m'kapu. Bambo anakhala nthawi yaitali osaphethira, pakamwa pali potsegula pang'ono, ngati mwana amene akuona ndege koyamba.

"Zaka makumi atatu," anatero motsitsa mawu. "Magetsi andiluma, andiwotcha, andidyetsera ana. Koma kuwaona akucheza, sindinaonepo. Ha! Dziko ili."

Kenaka maso awo anachoka pagalasi n'kuyamba kutsatira mawaya. Galu wamkota sakandira pachabe. Anatsata waya wa kang'ona ka kunja mpaka pomwe walowera m'sikopu. Anatsata wa kang'ona ka m'kati, chimodzimodzi. Anagogoda ndi chikhadabo pa chitsulo chomwe mawaya awiriwo amangidwirapo.

"Mwanawe, ting'ona tiwiriti, tikafika apa timakumana. Chitsulo chake ndi chimodzi."

"Ndiye kuti chiyani, bambo?"

Anapotokola waya wa kang'ona ka m'kati n'kumuzula pa sikopu. Pagalasi mano anapitiriza kugunda, koma pa dzino lachisanu ndi chinayi mzere unangokhala m'mwamba, wopanda woutsitsa. Piii!

Anabwezera. Chete. Kanjere kanayambanso kuvomera.

Anazulanso. Piii. Anabwezera. Chete. Anachita katatu, kenaka anavula magalasi. Sanawapukute. Anangowagwira m'manja.

"Waya wakuda waduka m'kati mwa chikopa chake," anatero. "Kukazizira nsonga zimakhudzana, mita n'kumati ali bwino. Kukatentha zimatalikirana, kanjere n'kusowa pobwezera magetsi. Mnyamata uja akabwera ndi ting'ona take, ankalumikiza njira yodukayo kudzera m'makina akewa osadziwa. Akachotsa, njira n'kudukanso."

Chida chofufuzira matenda ndicho chinkawabisa. Ndipo ine ndi Phee tinakayikira nambala, marezisita, liwiro, mpaka kukayikirana tokha, koma chingwe tinangochiyeza chozizira n'kuchikhulupirira msanga. Ndani angalimbe mtima kusenda chingwe chomwe wapatsidwa ndi bambo a mtsikana amene ukumufuna?

"Chingwe chimenechi," bambo anatero, "ndi changa."

Amayi anali ataima pakhomo, sindikudziwa kuyambira liti.

"Si chija munkati n'chakale, cholimba?" anafunsa mokoma kwambiri. "Chikomekome cha mkuyu, bambo ake mwana."

"Amayi ake mwana, ndamva."

"Mwana wa eni ake munamunena kuti ndi wachinyengo."

"Ndati ndamva!" Anavala magalasi aja mopendama. Anayang'ana kwa ine, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona bambo anga akusowa poika maso. "Ananena kuti sakudziwa. Akanatha kundinamiza, ine sindikanazindikira. Muitane. Umuuze kuti ndikumufuna ndine."

Ndinamulembera Phee nthawi yomweyo. "Tapeza! Ndi waya wakuda, waduka m'kati. Si inu. Bambo akuti mubwere, akufuna kulankhula nanu."

Uthenga unawerengedwa. Ndinadikira masana onse, ndinadikira madzulo. Ndinaimba kawiri, foni n'kumangoitana. Ndinadziuza kuti munthu wopwetekedwa amafuna nthawi.

*

Tsiku la 20 m'mawa amayi anakuwa. Ndinathamanga mtima uli m'mwamba, kuganiza kuti bokosi lazima. Ndinawapeza atagwada pakagalasi ka pachitseko, bambo ali pambali pawo.

"Tamvera," ananong'ona amayi.

Kunali kulira, koma osati kwa bokosi. Kanali kamawu kakang'ono, kochokera m'kati mwa dzira losasweka. Pamzere wachiwiri dzira limodzi linali ndi kabowo, ndipo pakabowopo pankatuluka kansonga ka mlomo, kugogoda, kupuma, kugogodanso. Lina pambali pake linagwedezeka lokha. Tinakhala atatu mitu pamodzi, sikopu ikuthwanima pambali pathu.

"Akanakhala pano mnyamata uja," bambo anatero.

Pageti panagogoda munthu.

Ndinathamanga osavala n'komwe nsapato. Ndinakonza tsitsi ndi dzanja, ndinatsegula. Sanali Phee. Anali mayi wamtali wovala yunifolomu ya unamwino, wa maso ofanana ndi ake. Ndinawazindikira chifukwa cha zithunzi: achemwali ake aakulu, omwe anamulera makolo awo atamwalira, omwenso amakhala naye. Kumbuyo kwawo kunali Zikhadabo.

"Eni nyumba alipo?"

Ndinawalowetsa. Mpando anaukana. Analowa mpaka m'chipinda cha mawailesi, n'kuima moyang'anizana ndi bambo.

"Ndinu amene munati mlongo wanga ndi wachinyengo?"

"Mayi, khalani pansi," bambo anatero, atavula chipewa. "Wolakwa ndine. Tapeza kuti..."

"Ndawerenga. Foni anaisiya patebulo dzulo, uthenga wa mwana wanu ndinauona ndine, ndipo ndinaufufuta. Mwana ndamulera ndekha ine, sanabepo ngakhale singano. Masiku asanu sakudya chifukwa cha nkhuku zanu. Lero mwapeza kuti waya ndi wanu, ndiye azithamanga kubwera? Ndabwera kudzatenga makina ake, ndi mawaya ake omwe."

Ndinayang'ana waya wa kang'ona uja, wolowa m'mphepete mwa chitseko. Kuti atuluke, chitseko chitsegulidwe. Amayi anaima kutsogolo kwa bokosi, manja atatambasula.

"Anzanga, akuswa," anatero. "Tamverani nokha. Tikatsegula lero aumira m'zigoba onse. Tipatseni masiku awiri okha."

Anamwinowo anamvadi kamawu kaja, ndinaona nkhope yawo ikufewa pang'ono. Koma Zikhadabo anakhosomola, ndipo nkhopeyo inaumanso.

"Mazira ndi anu, mlongo ndi wanga," anatero. "Masiku awiri palibe. Kampani ija yakhala ikumuitana chaka chonse, iye n'kumakana chifukwa cha mtsikana uyu. Dzana wavomera. Makinawa akupita nawo."

Chipinda chinandichepera. Kampani imeneyo ndinkaidziwa. Ili ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Phee anandiuzapo kamodzi, akuseka, kuti sangapite kutali ndi kumene kuli amisiri ake. Tsopano anali kupita akuganiza kuti bambo akumuyesabe wabodza, ndiponso kuti ine ndinawakhulupirira.

"Akunyamuka liti?" Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a m'dzira muja.

Anayankha ndi Zikhadabo, akutsegula kachikwama kake ka m'manja mosafulumira.

"Mawa, basi yoyamba," anatero. "Matikiti ndagula ndine. Awiri."